Mizere ya a Daka

Burashi inamenya khoma. Laimu woyeretsera khoma anawazikira pa nsapato za Cynthia.

"Ba Bornface, onani zimene muchita!"

"Choka pamenepo kaili. Kapena tenga burashi inayo tithandizane."

Cynthia anaika chikwama pansi. Anali atangotsika minibasi pa Chinyunyu. Fumbi la mumsewu linali likadali m'mano. Anayang'ana nyumba ya makolo ake. Inamunyansa, monga mwa masiku onse.

Paliponse mizere. Wakuda, woyera, wakuda, woyera. Pa sitepe ya pakhomo. Pa mafelemu a zitseko. Pa nsanamira za khonde. Mgolo wa madzi, chitseko cha chimbudzi, mpini wa khasu. Ngakhale miyala ya m'mbali mwa kanjira. Makondakitala anali atapatsa malowo dzina. Wofuna kutsika ankangoti, "Pa Mbidzi." Cynthia sankalitchula dzinalo. Ankatsikira patsogolo, pa ogulitsa makala, n'kubwerera wapansi.

Atate ake, a Mordecai Daka, anali atamwalira dzulo lake. Mtima. Anagwa pakhonde pomwepo, chipewa chili kumutu. Thupi linali ku mochale ku Mpanshya. Bornface, mwana wawo woyamba, anali atafika m'mamawa ndi matumba a laimu kumbuyo kwa galimoto.

"Kubwera abwana anga," anatero Bornface, akuviika burashi m'ndowa. "Kubwera a kwaya a ku Chelstone. Ufuna aone izi? Akafalitse mu Lusaka monse kuti ine ndinabadwa kwa munthu wopenga?"

"Amai mwawafunsa?"

"Amai ali pa matiresi, alira. Namfedwa safunsidwa za penti." Anamenyanso khoma. "Ndipo ndikuuziretu. Maliro akatha, tiwatenga. Ku Lusaka. Sangakhale okha kuthengo kuno."

"Sangalole. Muwadziwa."

"Ndiye ationetse kuti atha kudzisunga okha. Akatha, akhale. Akalephera, m'galimoto."

Cynthia anavula nsapato, anamanga chitenje, anatenga burashi inayo. Anayambira pa sitepe. Wakuda uja ankaonekerabe pansi pa laimu, ngati chipsera. Anabwereza. Anabwerezanso. Pomaliza sitepe inafanana ndi khonde, khonde ndi khoma, khoma ndi chitseko. Zonse mbee. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, nyumbayo inaoneka ngati ya anthu.

Mkati, azibambo ankatulutsa mipando kuti azimayi apeze pokhala. A Silas, mng'ono wa malemu, anasuzumira pawindo.

"Cynthia mwanangu, tizidole ta atate ako iti. Tiike kuti?"

Ankanena sitima za malemu. Zinadzaza mashelefu a pabalaza, kuchokera khoma ili mpaka ilo. Sitima zankhondo, iliyonse yotalika ngati mkono. Zamatabwa, za zitini za mafuta ophikira, za mawaya. Zinali ndi timizinga, timilongoti, timabwato tolendewera m'mbali. Zonsezi za munthu wokhala kutali ndi nyanja iliyonse.

A Daka anakalambira pa ntchito yopenta mabasi ndi zikwangwani za masitolo ku Lusaka. Ulendo wina anakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Dar. Padoko anaona chinthu chachikulu chotuwa chitaima pamadzi. Anabwerako atatenga matenda. Anayamba kugula mabuku akale, aja oyala pansi m'mbali mwa msewu. Mabuku onunkha nkhungu, odzaza zithunzi za sitima zomwe zinamira kalekale. Atapuma pa ntchito, anasamukira kuno. Matendawo anasamuka nawo.

Pabanjapo, woyendayenda anali Cynthia. Joni, Dar, Nakonde, Chipata. Nsapato, mawigi, nsalu. Ndiye ulendo uliwonse foni inkalira. "Mwanangu, kachitini kamodzi chabe ka penti. Wotuwa." Kwa Cynthia, wotuwa anali wotuwa. Koma tsiku lina, atanyamula kachitini kuchokera ku Joni, atate ake anakatsegula, anapaka pa chikhadabo, anapukusa mutu.

"Uyu ndi wa kumapeto kwa nkhondo. Sitima iyi inamira nkhondo isanafike pakati. Ndikaipaka uyu, ndanama."

"Mwanamiza ndani, atate? Nkhuku?"

Sanaseke. Anamubwezera kachitiniko.

Zonse zinali choncho. Mbali ya kumanzere kwa sitima sinkafanana ndi ya kumanja, ati chifukwa yeniyeniyo sinkafanana. Kutsogolo kwa ina anajambulako funde labodza, kuti izioneka ngati ikuthamanga pamene yaima. Tiburashi tawo ankapanga ndi ubweya wa kumchira kwa mphaka. Mphaka akawaona, ankakwera padenga. Shuga m'nyumbamo ankanunkha thina wosungunulira penti. Ndipo mlendo aliyense, wofuna ndi wosafuna, ankalandira ulaliki womwewo.

"Kubisa sitima kuli pawiri. Ina umaipaka wotuwa. Ikalowa m'nkhungu, yasowa. Koma pa nkhondo yoyamba ija ya dziko lonse anaona kuti chinthu chachikulu chotulutsa utsi sichibisika. Ndiye anati chabwino, aione. Anaipaka mizere yopingasapingasa. Mdani ali pansi pa madzi, asuzumira. Aiona bwinobwino. Koma mutu uli kuti? Ipita kuti? Sadziwa. Awombera pamadzi chabe."

Zaka zapitazi foni inasintha. Sankafunanso tizitini. Ankafuna zitini zazikulu, wakuda ndi woyera. Misala inali itatsika pa shelefu, n'kukwera nyumba.

"Ikani kulikonse, atate aang'ono," anatero Cynthia.

A Silas anatenga masaka a chimanga. Anakokolola shelefu ndi mkono wonse. Timilongoti tinathyoka ngati timafupa ta kapenta. Masakawo anakawaponya m'khola lakale la nkhuku, kuseri kwa nyumba.

Maliro anayenda monga amayendera maliro. Tenti, kwaya, fumbi. Azimayi anafuna mafuwa, anazula miyala ya m'mbali mwa kanjira ija. Pofika madzulo yonse inali bii ndi mwaye. Mkazi wa Bornface anataya kudzala zitini zamizere za mchere ndi shuga, n'kuika zake zapulasitiki, zofanana ngati mapasa. Asuweni ena ankadzijambula pafoni pambali pa bokosi, milomo atasongola. A Silas anayesa jekete la malemu thupi lisanalowe n'komwe m'manda. Linawathina m'mapewa. Sanalivule.

Abwana a Bornface anabweradi. Anapereka dzanja, anayang'ana wotchi, anapita. Khoma sanaliyang'ane.

Mai Estina, namfedwa, anayenda monga amayendera namfedwa. Chitenje kumutu, mayi wina kudzanja ili, wina kudzanja ilo. Kupita kumanda, ogwiridwa. Kubwera, ogwiridwa. Kuchimbudzi, operekezedwa. Madzi akumwa ankawaikira m'manja. Palibe anaona chachilendo.

Lachisanu anthu anabalalika. Tenti inachoka. Panatsala phulusa, mafupa a nkhuku ndi ntchentche.

Cynthia ankasesa pabwalo pamene amai ake anatuluka m'nyumba. Okha. Anaima pakhonde. Mapazi a olira anali atapondaponda laimu mpaka sitepe inafanana ndi dothi. Mai Estina anatambasula phazi. Anaponda pamphepo. Anagwa chafufumimba.

"Amai!"

"Palibe kanthu. Ndaterereka chabe."

Bondo linali litasupuka. Magazi anasakanikirana ndi fumbi loyera. Bornface anatuluka, mswachi uli m'kamwa. Anayang'ana amai ake, kenako Cynthia. Anangolavula.

Sizinathere pomwepo. Popita kuchimbudzi, Mai Estina anaphonya kanjira, anakalowa m'minga za kumpanda. Anabwerako chitenje chitang'ambika. Kenako anaumirira kuti apangira alamu awo tiyi. A Silas anamwa kamodzi, anatsokomola, tiyi anatulukira m'mphuno.

"Alamu! Mchere uwu! Mufuna ndiwatsatire akulu anga?"

Masana anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Silas pa mpando wa malemu, m'jekete la malemu. Bornface ataimirira, makiyi a galimoto akuzungulira pa chala.

"Taona tonse," anatero Bornface. "Kugwa. Minga. Mchere. Mawa adzagwera pamoto."

"Ndi chisoni chabe," anatero Mai Estina. Maso anali pansi.

"Chisoni sichithira mchere mu tiyi, amai. Mutu wayamba kusokonezeka. Si mlandu. Ndi ukalamba."

"Akakhala kwa ndani?" anafunsa Cynthia.

"Kwa iwe. Ndiwe mkazi."

"Ine pakhomo panga ndimangogonapo. Mwezi uno ndili ku Nakonde."

"Ndiye kwa ine. Kuli kachipinda kuseri, kamene kankagona wantchito."

"Nanga pano?"

Bornface anayang'ana kumsewu. Lole inadutsa, ikubuula.

"Malo awa ndi golide, Cynthia. Anthu opita ku akasupe otentha adutsa pomwe pano. Kashopu, potsukira magalimoto, pootchera nyama. Atate anangokhalira kupenta miyala."

A Silas anavomereza ndi mutu. "Ine ndingayang'anire."

Cynthia anawayang'ana awiriwo. Manda anali asanaphwe n'komwe. Koma akanatsutsa chiyani? Bondo la amai ake linali pomwepo, lomangidwa ndi kansalu.

"Ndili ndi munda wanga," anatero Mai Estina pang'onopang'ono. "Ndili ndi mbuzi zanga. A Daka ali apo, kuseri kwa phiri. Mundichotsa ndipite kukatani?"

"Kukapuma, amai."

"Ndakuuza kuti ndatopa?"

"Tinyamuka Lamlungu," anatero Bornface. Makiyi analowa m'thumba.

Loweruka m'mawa, Bornface ndi a Silas anapita kumsewu kukaona malire a malowo. Asanachoke, a Silas anauza Cynthia kuti atenthe zinyalala zonse, ndi masaka aja omwe.

M'khola munkanunkha. Zitosi zakale, nthenga zowola, dzira losweka. Cynthia anatseka mphuno ndi chitenje. Anakoka saka loyamba, anakhuthula. Zidutswa. Mizinga yopanda sitima, sitima zopanda mizinga. Utitiri unamukwera m'miyendo. Anatukwana. Anatukwana khola, anatukwana nkhuku, anatukwana munthu wamkulu wotha zaka zake akumata tizitini pamene anzake ankamanga nyumba za lendi.

Pansi pa saka lachiwiri panali ziwiri zosathyoka. Ina yotuwa, yosalala, yooneka ngati mtambo wa mvula. Ina yamizere, yakuda ndi yoyera, yopingasapingasa mpaka maso kuwawa. Anati azitaye pamulu. Dzanja linakana. Chabwino. Amai atengeko imodzi, akaike pawindo la kachipinda kaja.

Anawapeza atakhala pamphasa pakhonde, manja ali pamiyendo. Chikwama chawo chinali chitalongedwa kale. Mkazi wa Bornface ndiye analonga.

Cynthia anaima patsogolo pawo, sitima ina kudzanja ili, ina kudzanja ilo.

"Amai, sankhani imodzi yopita nayo. Zina zonse zathyoka."

Mai Estina anakweza nkhope. Anamwetulira pang'ono. Anatambasula dzanja kwa yamizere ija.

"Ndisankha bwanji, wabweretsa imodzi?"

Cynthia anayang'ana dzanja lake lamanzere. Sitima yotuwa inali pomwepo. Yotalika ngati mkono. Anaisendeza pafupi ndi nkhope ya amai ake. Anaiyendetsa uku ndi uku, pang'onopang'ono. Maso a amai ake sanaitsatire.

Anakhala pansi.

"Amai."

Dzanja la amai ake linali likadali pa yamizere ija.

"Amai, ndanyamula ziwiri."

Mai Estina anabweza dzanja. Anakonza chitenje pa bondo lopweteka lija. Kumsewu minibasi inaliza hutala, inapitirira.

"Ali kuti mkulu wako?"

"Ali kumsewu."

"Ndiye khala pafupi. Usakweze mawu."

Cynthia anasendera.

"Zinayamba ndi sitima zomwezi. Tsiku lina ndikusesa pabalaza, ndinayang'ana pa shelefu. Ndinakuwa. Ndinati, atate ake Bornface, akuba alowa, sitima zanu zapita, yatsala imodzi. Iwo anabwera. Anayang'ana shelefu, anayang'ana ine. Kenako anandigwira dzanja, n'kuliyendetsa pa shelefu. Zonse zinalipo. Ine ndinkaona iyi yokha."

"Kuchipatala munapita?"

"Tinapita. Pa njinga, anthu osadziwa. Anati si ng'ala yoti achotse. Ndi mitsempha, iuma pang'onopang'ono. Anatipatsa mankhwala odonthezera, oti chabe isafulumire. Tinabwerako. M'mawa mwake ndinamva fungo la penti. Anali atapaka sitepe."

"Manje muona chiyani?"

"Nkhungu. Iweyo ndiwe nkhungu yolankhula. Koma chakuda chikagundana ndi choyera, chimenecho ndichiona. Ndiye anapaka chitseko. Mgolo. Khasu, kuti ndikaliika pansi ndisalisowe. Chitini cha mchere mizere yoimirira, cha shuga yogona. Miyala, kuti ndizidziwa njira."

"Bwanji simunatiuze?"

"Kuti mutani? Chimene muchita manje ichi?" Mawu sanakwere, koma analuma. "Ndinawalumbiritsa. Ndinati mukauza ana, ndasanduka katundu. Adzandiika m'kachipinda, ndizimvera wailesi ya eni ake, ndizidikira wondiperekeza kuchimbudzi. Pano mbuzi iliyonse ndiidziwa ndi mawu ake. Ndipalira ndekha. Chala chidziwa chimanga, chidziwa udzu."

"Anthu ankawaseka, amai. Msewu wonse."

"Ankawaseka. Akutchalitchi anawaitana kuti awapempherere. Anapita. Anagwada. Anawapempherera. Pobwera anadzera pa shopu kugula thina."

Cynthia anafuna kuseka. Chinatuluka china.

"Adziwa ndani?"

"Olipa yekha, wa kuseri uyu. Ndiye amandidonthezera mankhwala a Daka akachokapo. Tsiku lija munkapaka laimu, ndinamva burashi. Ndinamva ndi mawu ako pa sitepe. Ndinali pa matiresi, azimayi atandizinga. Ndikananena chiyani?"

Cynthia anayang'ana manja ake. Laimu anali akadali m'zikhadabo. Anamunyansa manjawo kuposa khola lija.

"Usamuuze Bornface," anatero Mai Estina. "Akamva za maso, ndiye basi. Sadzadikira ndi Lamlungu lomwe."

Cynthia anaika sitima ziwirizo pamphasa. Anadzuka. Anatenga ndowa ndi burashi yochapira.

Laimu sagwira pa penti wa mafuta. Madzi pang'ono, kukwecha, amasungunuka ngati phala. Wakuda uja anatulukira, wonyezimira, ngati sanachokepo. Cynthia anakwecha sitepe. Anakwecha felemu. Anakwecha mgolo mpaka mapewa anayaka. Anapita kudzala, anafukula ndi ndodo pakati pa makoko ndi mafupa, mphutsi zili yakaliyakali. Zitini ziwiri zija anazipeza. Anazitsuka ndi phulusa.

Olipa anasuzumira pampanda. Anangobwera ndi wilibala, anayamba kutola miyala yamwaye ija. Pamene panali mwala uliwonse panali patatsala kadzenje kake, mzere wonse mpaka kuchimbudzi, wina mpaka kukhola la mbuzi. Zitini zazikulu za penti zinali pansi pa bedi la malemu. Anatsuka miyala, anaiyanika, anaipaka, anaibwezera m'timaenje take.

Bornface anawapeza ali pa chitseko cha chimbudzi.

"Cynthia! Wapenga?"

"Mwina."

"Tsiku lonse lija ndinavutikira chiyani? Atate aang'ono, bwerani muone. Misala iyi ndi ya m'magazi, shuwa."

"Ndi nyumba ya atate. Anaisiya ili ndi mizere."

"Iwe amene unkatsikira pa makala kuopa manyazi? Ufuna kundiuza chiyani?"

Cynthia anayang'ana pakhonde. Amai ake anali atakhala pamphasa, sitima yamizere ili pamiyendo. Mawu anali pakamwa. Mawu awiri okha, amai saona, ndipo Bornface akanatseka pakamwa pake mpaka chaka chamawa. Anawameza.

"Ndimaikonda chabe," anatero.

"Uikonda."

"Ndi yokongola."

Bornface anaseka mpaka anagwira mpanda. A Silas anapukusa mutu, anati mwana wa ng'ona salephera kusambira. Wa njinga wina wodutsa anaima, anaona, anakuwira mnzake kumsewu kuti Mbidzi yauka. Cynthia anaviika burashi, anapitiriza.

Lamlungu m'mawa galimoto inali italoza kumsewu. Chikwama cha Mai Estina chinali m'buti. Bornface analiza hutala.

Chitseko chinatseguka. Mai Estina anaima pakhonde, atavala duku loyera. Anayang'ana pansi. Anatsika sitepe ngati mtsikana. Anadutsa galimoto osaicheukira. Anatsata kanjira, pakati penipeni pa miyala, mpaka kukhola. Anamasula chitseko. Mbuzi zinatuluka, akuzitchula mayina, ina akuikalipira. Anabwerera. Anatunga madzi pa mgolo osataya dontho. Analowa m'khichini.

Bornface anazimitsa injini.

Patapita kanthawi anatuluka ndi kapu pa mbale. Anagwada pang'ono, anapereka kwa a Silas. A Silas ananunkhiza kaye. Analawa ndi nsonga ya lilime. Kenako anamwa.

"Alamu, lero ndiye tiyi."

"Amai," anatero Bornface, "dzana munagwa. Tonse tinaona."

"Dzana ndinali nditangoika mwamuna wanga. Iwe ukadzaika mkazi wako, udzayenda ngati msilikali?"

"Koma mchere uja..."

"Zitini za mkazi wako. Zofanana ngati mazira. Ngakhale iwe ungasokoneze."

Cynthia anapinda manja. "Munanena nokha, ba Bornface. Akatha, akhale."

Bornface anayang'ana a Silas. A Silas anali kalikiliki ndi tiyi. Anayang'ana amai ake. Anali ataima mowongoka, maso ali pa iye, kapena pafupi ndi iye. Sakanasiyanitsa.

"Mpaka kukolola," anatero pomaliza. "Mukagwanso kamodzi, sindifunsa munthu."

Anatsegula buti, anatulutsa chikwama, anachiika pansi. Anayang'ana nyumba yonse, kuyambira pa sitepe mpaka kuchimbudzi. Anakwinya mphuno.

"Ndipo anzanga sindidzabwera nawonso pano."

"Zikomo," anatero Cynthia.

"Sukwera?"

"Ndipeza minibasi."

Galimoto inapita. A Silas anapita nayo, ndi jekete lomwe.

Minibasi yoyamba inaima pamsewu. Kondakitala anamenya chitseko. "Lusaka, asisi! Pa Mbidzi, Lusaka!" Cynthia anakweza dzanja kuti apite.

Anakhala pa sitepe. Dzuwa linali litawomba cham'mbali. M'pamene anaona. Pansi pa mizere ikuluikulu panali timizere tina, tongotukuka pang'ono, tokwiriridwa ndi penti watsopano. Anayendetsa chala. Pansi pa timeneto panali tinanso, tocheperapo.

"Amai, apa pali mizere ina pansi."

"Ya chaka choyamba. Inali zala ziwiri kukula kwake." Mai Estina anakhala pambali pake. "Kenako inayamba kusowa. Anakuza. Inasowanso. Anakuzanso. Sanadandaulepo. Ankangoti sitima imasintha penti nkhondo ikasintha."

"Nanga iyi? Muiona bwino?"

Mai Estina anapapasa sitepe.

"M'mawa ndiiona. Madzulo yayamba kuthawa. A Daka anati mvula ikatha mizere tiikuza ifike pa chikhatho."

Cynthia analowa m'nyumba. Anabwera ndi zitini ziwiri za penti zija, ndi burashi ya atate ake, ya mpini wosalala ndi thukuta. Anatsegula wakuda. Fungo la thina linamulowa m'mphuno. Linali lonunkha monga kale. Sanatembenuze nkhope.

"Ndiyeze ndi chiyani?"

Mai Estina anagwada. Anaika chikhatho pa sitepe, zala zitagundana.

"Lemba uku ndi uku. Osapotoza. Ankadana ndi mzere wopotoka."

Cynthia analemba ndi khala. Dzanja linasuntha, analembanso. Anapaka pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Mzere woyamba unanjenjemera. Wachiwiri unawongoka.

Atatha, amai ake anadzuka. Anatsata miyala mpaka pa mtengo wa mango. Anatembenuka, anaima.

"Manje ndifunse."

"Ndikufunseni chiyani?"

"Mmene ankafunsira. Akatha kupaka, ine ndinkaima pano. Iwo apo pomwe ulipo, burashi m'manja. Ankati, adani, muiona sitima?"

Cynthia anayang'ana kumsewu. Ogulitsa makala anali pomwepo. Wa njinga uja nayenso. Anapukuta manja pa chitenje. Anakweza mawu.

"Adani! Muiona sitima?"

Mai Estina anaika dzanja pachipumi. Anasuzumira nyumbayo nthawi yaitali.

"Tiiona," anatero. "Tiwombere?"